Ukaipa Dziwa Nyimbo

Kuseri kwa sukulu imene ine ndiyang'anira kuno ku Mchinji kuli bwalo la mpira. Si bwalo lokongola ayi, pakuti mbali yake ya kum'mawa ndi yotsetsereka, ndipo nthawi ya dzinja madzi amadikha pafupi ndi golo, kotero kuti goloboyi amaima m'matope ofika m'akakolo. Komabe m'dera lathu lonse mulibe bwalo lina loposa limeneli, ndipo chifukwa cha ichi timu ya pamsika wathu imasewera pomwepo Lamulungu masana, itayamba yapempha chilolezo kwa ine. Umu ndi mmene ine, munthu wosadziwa ngakhale kumenya mpira molunjika, ndinapezekera ndili kukhala nawo pa misonkhano ya komiti ya timuyo monga mkulu wopereka uphungu. Mpando umenewu ndiwo unandigwetsera m'nkhani imene ndifuna kukamba nanu, inu owerenga, ndipo ndiyambe ndaulula kuti kufikira lero mtima wanga sunakhazikike nayo.

Panali mnyamata wina amene ndinamphunzitsa ine mwini kuyambira Sitandade 5 kufikira Sitandade 8, ndisanakhale mphunzitsi wamkulu. Dzina lake sindilitchula pano, pakuti ali moyo, ndipo abale ake ndimakumana nawo kuchigayo ndi kumaliro. M'kalasi anali mwana wapakatikati, wosatsogola ndi wosatsalira. Koma akaponda pabwalo ankasanduka munthu wina. Mwendo wake wamanzere unali ngati uli ndi maso akeake. Ndikumbukira tsiku lina tili kupikisana ndi sukulu ina ya ku Mkanda, pamene iye anadutsa anyamata anayi monga munthu wodutsa mapesi m'munda, namwetsa chigoli chimene ngakhale aphunzitsi a sukulu inayo anachiombera m'manja.

Atalephera kusankhidwa kupita ku sekondale, anachita chimene anyamata ambiri a kuno amachita: anakongola njinga nayamba ntchito ya kabaza. Inu amene simunafikeko kuno mudziwe kuti boma la Mchinji, limene kale linkatchedwa Fort Manning, lili m'malire a Malawi ndi Zambia. Munthu akaoloka pa Mwami, ulendo wotsala kuti akafike ku Chipata, mzinda umene agogo athu ankautcha Fort Jameson, ndi waufupi ndithu. Anthu a mbali ino ndi a mbali inayo ndi amodzi, Achewa ndi Angoni, amakwatirana ndi kuikana maliro. Ndipo chimanga, feteleza, shuga, zitenje ndi zina zotero zimaoloka usana ndi usiku, zina podzera pamene pali alonda a boma, zina podzera m'tinjira ta m'tchire timene palibe angathe kutitseka tonse. Tsono mnyamata wa kabaza, pokhala wonyamula amalonda amenewa, amadziwa bwino lomwe amene wapita ndi katundu ndi amene ali kubwera ndi ndalama. Kudziwa kotereku ndi nyambo yoopsa kwa munthu wa njinga yangongole.

Tsiku lina madzulo, iye ndi mnzake anabisalira mayi wina wogulitsa zitenje, amene iye yemweyo ankamnyamula kawirikawiri ndi kumtcha amayi. Anammenya, namthyola mkono wamanja, nalanda ndalama zonse za mpamba wake. Sabata lisanathe anagwidwa. Bwalo la milandu linampatsa zaka 6, ndipo popeza lamulo la ndende za dziko lino limachotsera mkaidi wa makhalidwe abwino gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake, iye anatuluka atatha zaka 4. Mayi uja mkono wake sunaongokenso bwino. Khasu sagwira nthawi yaitali, musi ndiye sayerekeza n'komwe. Mwana wake wamkazi, amene aphunzira pa sukulu yanga yomweyi, anajomba teremu yathunthu kuti aziphika ndi kutunga madzi, ndipo anabwereza kalasi.

Mnyamatayo atangotuluka, komiti inaitanitsa msonkhano wa mwadzidzidzi pansi pa mtengo wa mango wa pasukulu. Timu yathu si ya masewera chabe monga zinalili kale. Wamalonda wina wa pamsika amaigulira yunifolomu ndi nsapato, ndipo osewera amalandira kangachepe akatha mpira uliwonse. Komanso yense wa iwo amalota kuti tsiku lina akuluakulu a matimu a ku Lilongwe kapena ku Blantyre adzamuona ndi kumtenga. Chaka chimenecho timu inali kuvutika kumwetsa zigoli. Wapampando anaimirira nati, "Aphunzitsi aakulu, mwana wanu uja wabwera. Akuti kundendeko sanaleke mpira, ndipo mwendo uja ukali womwewo. Boma lamlanga, boma lammasula. Nanga ife ndife yani kuti timlangenso kachiwiri?" Mnyamata wina wa m'komiti anaonjezera nati, "Ngakhale ku Joni amatero, bwana. Onani za Lorch."

Apa ndiyenera kufotokoza, pakuti ena a inu simulowa m'tinyumba ta kanema timene tadzaza m'misika yathu, mmene anyamata amalipira kandalama kuti aonere mpira wa ku England ndi wa ku South Africa. Timu ya Orlando Pirates ya ku Johannesburg inakondedwa kwambiri kuno pamene mwana wa dziko lino, Gabadinho Mhango, ankasewera kumeneko, makamaka m'nyengo ya mpira ya 2019 mpaka 2020, pamene anamwetsa zigoli 16 nakhala mmodzi wa awiri otsogola pa zigoli m'ligi yonse ya dzikolo. Poonera Mhango, anyamata athu anadziwanso mnzake wa m'timu yomweyo, Thembinkosi Lorch. M'chaka cha 2023 bwalo la milandu la ku Randburg linapeza Lorch wolakwa pa mlandu womenya mkazi amene anali bwenzi lake, zimene zinachitika m'chaka cha 2020. Anampatsa zaka 3 za kundende, koma chilangocho anachiimika, ndiko kuti sanalowe m'ndende, ndipo analamulidwa kupereka ndalama ku bungwe lolimbana ndi nkhanza zochitira amayi. Pa nthawi imene mlandu unali m'bwalo iye ankasewerabe. Ndipo pasanathe miyezi itatu chilango chitaperekedwa, mu Januwale 2024, timu yolemera ya Mamelodi Sundowns inamgula. Izi ndizo mnyamata wa m'komiti uja ankatanthauza: ngati aakulu achita chotero, ife a pabwalo la matope tidzipanikiziranji?

Sindinamyankhe tsiku limenelo. Ndinapempha kuti andipatse sabata limodzi, ndipo m'sabata limenelo, ana atawerukira, ndinkatsala mu ofesi ndi kukumbukira nkhani zina za mtundu womwewu zimene ndinaziwerenga m'manyuzipepala pa zaka zapitazi.

Yoopsa koposa inali ya ku Brazil. Kumeneko kunali goloboyi wotchuka, dzina lake Bruno Fernandes de Souza, mtsogoleri wa osewera a Flamengo pamene timuyo inatenga ligi ya dzikolo m'chaka cha 2009. M'chaka cha 2010 mkazi amene anabereka naye mwana, dzina lake Eliza Samudio, anasowa, ndipo mtembo wake sunapezeke. M'chaka cha 2013 bwalo linagamula kuti Bruno ndiye anakonza za imfa yake, nilimpatsa zaka 22. Koma mu Febuluwale 2017 anatulutsidwa poyembekezera apilo, ndipo mwezi usanathe timu ina yotchedwa Boa Esporte inamlemba ntchito. Makampani amene ankathandiza timuyo ndi ndalama anaithawa, amayi anachita zionetsero, koma eni timu anaumirira, kufikira bwalo lalikulu linambweza kundende mu Epulo chaka chomwecho. Pa nthawi yonseyi mwana wamasiye uja ankaleredwa ndi agogo ake aakazi. Kodi pamene eni timu ankawerengera za anthu amene adzabwera kudzaona goloboyi wawo watsopano, alipo mmodzi amene anaganizirako za gogo ameneyo?

Koma ndisanathamangire kunena kuti khamu la anthu likakana ndiye kuti nkhani yatha, ndinakumbukira za Ched Evans wa ku Wales, amene ankasewera ku Sheffield United. M'chaka cha 2012 anapezeka wolakwa pa mlandu wogwirira mkazi, napatsidwa zaka 5. Atatuluka mu Okutobala 2014, timu yake yakale inafuna kumlola kuti azichita nawo zokonzekera, koma anthu zikwizikwi anasaina kalata yokana. Ndipo Jessica Ennis-Hill, amene anatenga mendulo ya golide pa masewera a Olympic a ku London m'chaka cha 2012, anati ngati amlembanso ntchito achotse dzina lake pa mbali ya bwalo la timuyo imene inatchedwa dzina lakelo. Timu ya Oldham Athletic nayo inayesa kumtenga mu Januwale 2015, koma inabwerera m'mbuyo. Tsono m'chaka cha 2016 bwalo la apilo linafafaniza chigamulo chija, mlandu unazengedwanso, ndipo anapezeka wosalakwa. Sindinena kuti amene anakana aja anachimwa, pakuti anakana potsata chigamulo chimene chinalipo pa nthawiyo. Ndingonena kuti phokoso la khamu silingakhale bwalo la milandu, ndipo komiti ya timu si woweruza.

Panalinso Tony Adams, mtsogoleri wa osewera a Arsenal, timu imene theka la anyamata a pamsika wathu amaifera ngati kuti anabadwira ku London. Iyeyu analowa m'ndende mu Disembala 1990 chifukwa choyendetsa galimoto ataledzera, nakaomba khoma. Anatuluka patapita miyezi iwiri, timu inamlandira ndi manja awiri, ndipo m'chaka cha 1991 anatenga ligi. Koma ndende sinamchiritse, ngakhalenso chikho, pakuti anapitiriza kumwa kufikira 1996, pamene anavomereza poyera kuti mowa wamgonjetsa. M'chaka cha 2000 anakhazikitsa bungwe la Sporting Chance lothandiza osewera ogwidwa ndi mowa, mankhwala ozunguza bongo ndi juga. Munthu ameneyu ndimlemekeza, ndipo ulemuwo suchokera ku chikho cha 1991 ayi.

Poika nkhani zonsezi pamodzi ndinaona kuti matimu aakuluwo, akamanena za kupatsa munthu mpata woyambiranso moyo, amanena mawu abwino pa chifukwa chosakhala chabwino. Funso lawo loyamba ndi lakuti, kodi mwendo ukali wakuthwa? Lachiwiri ndi lakuti, kodi otithandiza ndi ndalama satithawa? Akuluakulu anati, ukaipa dziwa nyimbo. Iwo ankanena za kuipa kwa nkhope, polimbikitsa mwana wosaoneka bwino kuti akhale ndi luso lomkondetsa pagulu. Ife a masiku ano tautembenuza mwambiwu, ndipo tauyesa chilolezo chakuti woipa mtima, akakhala ndi luso, mlandu wake uiwalike. Kumapeto kwa chaka cha 2015 dziko lino linanyadira pamene nyimbo za akaidi a ku ndende ya Zomba, zimene Ian Brennan wa ku America anazijambula m'chaka cha 2013, zinasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya Grammy. Inenso ndinanyadira, ndipo ndinauza ana m'kalasi kuti m'ndende muli anthu, si zilombo. Koma amene anaimba anali owerengeka. Nanga mazanamazana amene sadziwa nyimbo, amene miyendo yawo ndi yopitira kumunda basi, akatuluka amalandiridwa ndi yani?

Funso limeneli linandilasa ine mwini. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, bambo wina wa m'mudzi woyandikana nafe anabwera ku ofesi yanga atavula chipewa, kudzapempha ntchito ya ulonda wa usiku. Ameneyu anakhala m'ndende chaka chimodzi chifukwa choba matumba awiri a chimanga m'nyengo ya njala. Sanamenye munthu, sanathyole mkono wa wina aliyense. Ndinamuuza kuti, "Pepani bambo, makolo a ana sangamvetse kuti munthu womangidwapo chifukwa cha kuba alonde sukulu." Anavala chipewa chake napita osanena kanthu. Pa tsikulo palibe komiti imene inaitanitsa msonkhano wa mwadzidzidzi, palibe amene anati boma lamlanga, boma lammasula. Tsono ine yemweyo ndinali pafupi kutsegulira bwalo munthu wa mlandu waukulu koposa, chifukwa chakuti adziwa kudutsa anyamata anayi.

Chinanso chimene ndinachiona ndi ichi. Pa bwalo la boma, mlandu wotere umakhala pakati pa boma ndi woimbidwa mlandu. Mayi wothyoledwa mkono uja anaitanidwa monga mboni chabe, nafunsidwa mafunso, nauzidwa kuti akhoza kupita. Zaka 4 zija mnyamata anazipereka kwa boma. Mayiyo sanalandireko ngakhale tsiku limodzi, kapena tambala ya mpamba wake. Pa bwalo la anyakwawa sizinali kutero. Kumeneko wolakwa sankabwera yekha, ankadza ndi amalume ake, pakuti tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Ndipo mlandu sunkatha pamene mfumu yagamula, unkatha pamene wolakwiridwa walandira nkhuku kapena mbuzi ndi manja ake pamaso pa anthu. Sindinena kuti zakale zonse zinali zolungama, pakuti amayi ambiri ankaumirizidwa kulandira nkhuku mtima ukali kuwawa, kuti mudzi usachite manyazi. Koma makolo athu ankadziwa chinthu chimodzi chimene a Boa Esporte ndi a komiti yathu anachiiwala, ndicho chakuti mlandu uli ndi mwini wake.

Sabata litatha ndinauza komiti kuti sindikana kuti mnyamatayo asewere, pakuti munthu wotuluka m'ndende akatsekeredwa makomo onse amabwerera ku tinjira ta m'tchire tija. Koma bwalo la sukulu sadzalipondapo kufikira atapita ndi amalume ake kwa mayi uja. Wamalonda wathu anakwiya nati adzalanda yunifolomu zake. Ena anati mphunzitsi wadziyesa majisitireti. Timu inagonja masabata awiri otsatizana, ndipo pamsika anthu ena analeka kundipatsa moni.

Ulendo woyamba mayiyo sanatuluke m'nyumba. Mnyamata ndi amalume ake anakhala panja kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, nabwerera osamuona. Apa ndinazindikira kulakwa kwanga kwina kumene sindinakuganizire: ndinasenzetsa mayi wovulala mtolo wa timu yonse, pakuti tsopano anyamata a pamsika ankanena kuti ndiye ali kugonjetsa timu ndi kuuma mtima kwake. Ndinapita kwa iye ndekha kukapepesa. Anandiyalira mphasa ndi dzanja lamanzere, ndipo titapatsana moni anati, "Aphunzitsi, mwabwera. Zaka zinayi zonsezi palibe anabwera kudzafunsa kuti mkonowu uli bwanji. Lero mwabwera chifukwa cha mpira." Ndinasowa choyankha, pakuti mwana wake ndimamuona tsiku ndi tsiku pa mzere wa m'mawa, ndipo ine ndemwe ndinasaina kuti abwereze kalasi.

Ulendo wachiwiri anawalandira, akuluakulu a mbali zonse ziwiri alipo. Nkhuku anaikana. Anati afuna mpamba wake ubwerere wonse. Ndipo anagwirizana kuti theka la kangachepe kalikonse kamene mnyamatayo alandira pa mpira, ndi ka pa maganyu komwe, lizipita kwa mayiyo podzera m'manja mwa anyakwawa, ndi kulembedwa m'kope. Za kukhululuka sananenepo kanthu, ndipo palibe amene analimba mtima kumfunsa. Anangoti kwa amalume aja, "Akasewere. Koma ine kubwaloko sindidzapondako."

Mnyamatayo asewera tsopano, ndipo kope lija lafika pa tsamba lachitatu. Akamwetsa chigoli, mfuu imamveka mpaka kumsika, ndipo ine ndimaomba nawo m'manja, ngakhale mochedwerako pang'ono. Mtsikana uja, akamachokera kumsika Lamulungu ndi dengu la amayi ake pamutu, amazungulira njira ya kuchigayo, imene ndi yaitali kawiri, kuti asadutse pabwalo. Bambo wa matumba awiri a chimanga uja ndinamtumira uthenga kuti malo a ulonda apezeka. Mkazi wake anabweza mawu kuti anapita kalekale kukagwira ntchito m'minda ya fodya ku Kasungu, ndipo kufikira tsopano sanatumizebe mawu.